Amene Anachedwa pa Ndime Yachitatu

Bambo anga ali nalo dzina lawo lenileni, lolembedwa bwinobwino pa chiphaso, koma mukafika mumsewu mwathu n'kuwafunsa ndi dzina limenelo anthu azingokuyang'anani. Nenani kuti mukufuna a Nanzikambe, aliyense akulozerani kashedi kopaliramo matabwa kuseri kwa nyumba yathu. Anawapatsa dzinali ndi amalume, achimwene awo a mayi, ine ndisanabadwe. Koma amene analilera mpaka kukula ndi mayi anga.

Nkhani yake ili motere. Ali achinyamata, atatuwa anali ndi bandi. Amalume ndiwo anali mtsogoleri ndipo ankaimba gitala. Mayi anali woimba pakamwa. Bambo, amene nthawi imeneyo ankadziwika kuti ndi mnzawo chabe wa amalume, ankaimba ng'oma. Panalinso wina wa bezi, koma iyeyo anasamukira kutali ndipo sakutikhudza. Wailesi ina inalengeza mpikisano: tumizani nyimbo imodzi pa kaseti, opambana adzajambulitsa chimbale chathunthu. Anabwereka chipinda, anaimika maikolofoni imodzi pakati, n'kujambula kamodzi kokha chifukwa mwini makinawo anali pa ulendo. Ndime yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri chimodzimodzi. Itafika ndime yachitatu nyimbo inayamba kukwawa, gitala ili kutsogolo, ng'oma zikukoka miyendo m'mbuyo. Sanapambane. Amalume anati woipitsa ndi wang'oma, bandi inathera pomwepo, ndipo bambo anagulitsa ng'oma zawo n'kugula zida za ukalipentala. Chaka chomwecho anakwatirana ndi woimba uja.

Mayi ali ndi saluni, ndipo palibe kasitomala amene anakhalapo pa mpando wawo osaimva nkhaniyi. Munthu woti mutu wake uli m'manja mwa mnzake sathawa. Amatenga zipeso ziwiri, amamenya pa tebulo mothamanga, kenako amayamba kuchedwa, kuchedwa, mpaka chipeso china chimaima m'mwamba ngati phazi la nanzikambe likuganiza koponda. Anthu amaseka mpaka kupukuta misozi. Bambo akakhala pafupi amasekanso, n'kunena kuti, "Zinalidi choncho." Ine ndinakula ndikuseka nawo. Nditayamba kuzindikira, ndinasiya. Ndili ndi mtima wapachala, izi ndivomereza, ndipo munthu wongovomera chilichonse amandikwiyitsa kuposa womunyozayo.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu yokonza mafoni ndi makompyuta. Kutsogolo kuli kauntala, kuseri kuli kachipinda kanga kodzadza mawaya ndi mafoni amene eni ake anawaiwala. M'menemo ndimasamutsanso nyimbo za pa makaseti akale kuziika pa fulashi. Chaka chatha abwana anaikamo pulogalamu ina ya nzeru zochita kupanga. Imeneyi anaiphunzitsa pomvetsera nyimbo zankhaninkhani, moti ukaipatsa nyimbo imaigawa ngati mmene umasankhira zovala zochapa: mawu pawokha, ng'oma pazokha, bezi payokha, gitala payokha. Ambiri amene amaifuna ndi a makwaya ndi atsikana ofuna kuimba paukwati popanda mawu a mwini nyimbo.

Kulakwa kwanga kunali kuwauza amalume.

Anafika kwathu Lachitatu madzulo dzuwa lisanalowe, atavala tayi ngati nthawi zonse, kaseti ili m'thumba la malaya. Anali atatsala ndi masiku ochepa kuti apume pa ntchito, ndipo anzawo a ku ofesi anali atakonza phwando lowatsanzika Loweruka la sabata yotsatira. Anatipeza kushedi, ine ndikuwagwirira bambo thabwa.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero amalume. "Anzanga kuntchito sakhulupirira kuti ndinali woimba. Ndikufuna nyimbo ija ikalire paphwando."

"Ikalire, alamu. Ndi nyimbo yabwino."

"Koma ikalire mmene inayenera kulirira. Mwanayu akuti makina ake amatha kuchotsa chida chimodzi n'kusiya zinazo. Ndiye ndaganiza kuti tichotse ng'oma zija, tiikemo za makina. Zija sizitopa, sizichedwa."

Ndinawayang'ana bambo. Chopalira matabwa chinaima pakati pa thabwa. Anauzira utuchi pamalo poti panalibe utuchi, kenako anapitiriza kupala.

"Chotsani, alamu. Phwando ndi lanu."

"Mwaona? Munthu womvetsa zinthu ameneyu," anatero amalume akundipatsa kaseti. "Tibwera Lamlungu masana tidzamve. Mlongo wanganso abwere, adzamve mawu ake atavala bwino."

Atachoka ndinaponya thabwa pansi.

"Bambo, kaseti imeneyi ndi malo okhawo padziko lapansi pamene mukumveka mukuimba ng'oma. Chithunzi mulibe, ng'oma mulibe. Ndiye mungoti chotsani?"

"Tola thabwalo, amayi, ndi la eni ake," anatero. Bambo amanditchula amayi poti ndine mwana wawo wamkazi.

"Ndikukana. Sindichita."

"Uchita. Ndi amalume ako, ndipo akupuma pa ntchito kamodzi kokha."

Ananena akumwetulira, koma madzulo amenewo anapala mwendo wa mpando mpaka unaonda kuposa inzake itatu, n'kuutaya pa mulu wa zidutswa. Bambo anga sataya thabwa. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinagona ndisanawayankhule amalume ngakhale pa foni.

Loweruka m'mawa abwana atapita kukagula katundu ndinatseka chitseko cha kachipinda kanga. Ndinaika kaseti m'makina, ndinaisamutsira pa kompyuta, n'kuipereka kwa pulogalamu ija. Siyichedwa, umangomwa tiyi theka la kapu. Pa sikirini panatuluka mizere inayi yosanjikizana, uliwonse uli ndi timapiri take tosonyeza pamene pali phokoso. Ndinazimitsa mzere wa ng'oma. Kabatani kamodzi kokha, bambo anga zii.

Ndinaika ng'oma za makina, n'kuziyeza kuti ziyende ndi liwiro la ndime yoyamba. Zinakwana ngati nsapato yoyezera. Ndime yachiwiri inakwananso, ndipo ndinapsa mtima kuona kuti zikukoma. Itafika ndime yachitatu gitala ya amalume inapitiriza kuyenda ndi makina bwinobwino. Koma mawu a mayi anatsalira. Ng'oma zikamenya, iwo anali asanafike. Pofika kumapeto anali m'mbuyo ndi mzere wathunthu, ngati munthu wothamangira basi yoti yanyamuka.

Poyamba ndinati mwina n'chifukwa chakuti ankatsatira bambo. Woimba amatsatira ng'oma, aliyense amadziwa zimenezi. Koma kutsutsa galu n'kukumba. Ndinakulitsa mizere ija pa sikirini, ndinavala mahedifoni, n'kumvetsera poyambira ndime yachitatu kakhumi konse. Nditamaliza ndinabwerezanso, mpaka kasitomala wina anachita kumenya kauntala ndi makiyi kuti nditulukemo.

Kunyumba sindinauze munthu. Pa chakudya chamadzulo mayi anandifunsa ngati mawu awo akumveka bwino.

"Akumveka zonse," ndinatero.

Lamlungu masana shopu imakhala yotseka, koma makiyi ndimasunga ndine. Anafika onse atatu. Amalume anakhala pa mpando wanga wozungulira osapempha. Mayi anakhala pa sitiulu atapukuta kaye ndi mpango, akudandaula za fumbi. Bambo anaima pakhomo, manja kumbuyo, akuyang'ana shelefu yanga yopendama. Ndinadziwa kuti m'mutu mwawo akuikonza kale.

"Tiyambe ndi gitala," anatero amalume. "Timve kaye chinthu chenicheni."

Ndinawapatsa gitala yawo payokha. Pulogalamu ija ikapatula chida, chimamveka ngati chikulira m'bafa, koma chilichonse chimamveka. Anatseka maso, akugwedeza mutu, zala zikuyenda pa tayi. Pakati pa ndime yachiwiri panamveka kachingwe kolakwika, kolira ngati mphaka wopondedwa mchira.

"Makina akowa ali ndi vuto," anatero.

"Makina sawonjezera kanthu, amalume. Amangovula."

Mayi anaseka mpaka sitiulu inagwedera. "Achimwene, zaka zonsezi munabisala kuseri kwa bezi?"

"Chingwe chinali chakale. Ika zimene tabwerera, iwe."

Ndinaika nyimbo yonse ndi ng'oma za makina. Amalume anayamba kumenya phazi pansi, akuyang'ana bambo ndi diso loti mwaona. Bambo anagwedeza mutu kuvomereza kuti n'zabwino. Mayi ankaimba nawo chapansipansi. Ndime yachitatu itafika, phazi la amalume linapitiriza, koma kuimba kwa mayi kunaima. Mawu a mtsikana wa pa kaseti uja ankatsalira, kutsalira, mpaka zinafika pochititsa manyazi.

"Waika molakwika," anatero amalume.

"Ndaika bwino."

"Ndiye n'chifukwa cha a Nanzikambe omwewa," anatero mayi. "Anandikokera m'mbuyo. Ine ndikanatani, poti woimba amatsatira ng'oma?"

"Inenso ndimaganiza choncho. Sunthani mipando, muone."

Ndinawaonetsa mizere iwiri, wa mawu pamwamba, wa ng'oma za bambo pansi.

"Kamtunda aka ndi ng'oma yoyamba ya ndime yachitatu. Yamenya pa nthawi yake, siinachedwe ngakhale pang'ono. Apa m'pamene mawu amayenera kulowa. Mukuonapo chiyani?"

"Palibe kanthu," anatero amalume.

"Palibedi. Mawu akulowa apa, mochedwa. Ng'oma yachiwiri yamenyanso pa nthawi yake, mawu achedwanso. Kuyambira pa yachitatu m'pamene ng'oma zikuyamba kusuntha. Woyamba kuchedwa si bambo."

"Zithunzi zimenezo ine sindizidziwa," anatero mayi, mawu atauma. "Ine ndimadziwa zimene ndinaimba."

"Ndiye mverani zimene munaimba."

Ndinazimitsa zonse n'kusiya mawu okha. M'kachipinda muja munadzadza mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mawu ake oyera, opanda chomuphimba. Ndinali ndisanawamvepo mayi anga chotero, ndipo tsitsi linandiimirira ngakhale kuti ndinali nditamva kale dzulo lake. Ndime ziwiri zoyamba ankapuma kumapeto kwa mzere, monga woimba aliyense. Pa ndime yachitatu anayamba kupuma pakati pa mzere. Kenako pakati pa liwu. Mpweya wake unkamveka ukukokedwa mwamphamvu ngati wa munthu amene wakwera masitepe atasenza katundu. Pamalo ena anameza malovu, n'kuyambiranso.

Mayi anali atagwira pakamwa.

"Unkadwala, mlongo wanga?" anafunsa amalume.

Mayi anayang'ana zala zawo. Milomo yawo inkayenda, chala chachikulu chikugunda zala zinazo chimodzichimodzi.

"Achimwene, tinajambula mwezi wanji?"

"Wachisanu. Mpikisano unkatseka kumapeto kwake."

Anawerenganso zala, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe," anatero. "Wolakwa ndi uyu wakhala apayu. Ndinali ndi pakati pa iwe, miyezi iwiri. Tsiku limenelo ndinali nditasanza kawiri, ndipo m'chipinda muja munkanunkha utoto."

"Ine?"

"Iwe amene. Unayamba kuvuta anthu usanabadwe."

Amalume anatembenuka ndi mpando wonse. Nawonso anayamba kuwerenga zala, koma iwo ankawerenga kuchokera pa tsiku la ukwati kubwerera m'mbuyo. Nkhope yawo inasintha kawiri.

"Dikirani kaye. Mwezi wachisanu? Ukwati unali wachisanu ndi chimodzi. Inu munandiuza kuti mwanayu anabadwa masiku asanakwane."

"Achimwene, mwana wobadwa masiku asanakwane amene anang'amba zovala zonse zimene munamugulira? Munamunyamula nokha n'kudandaula msana."

"Ndiye kuti inu alamu, nthawi yonse ija munkabwera kwathu kuti mukudzakonza zingwe za gitala yanga..."

"Zingwezo ndinkakonzadi, alamu," anatero bambo ali pakhomo pomwepo.

Ndinaseka mpaka ndinagwetsa bokosi la mabatire. Amalume anayesa kukwiya, koma mlandu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, umboni wake utakhala pa kompyuta ukukuseka, sukwiyika bwino. Anangomasula tayi pang'ono n'kunena kuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, ndipo akulu ake ndi iwowo, amene anataya chimbale chifukwa cha munthu wosabadwa.

Mayi okha ndiwo sanaseke. Ankayang'ana bambo.

"Koma inu simunkadziwa," anatero. "Ndinakuuzani patatha sabata ziwiri. Ndikukumbuka, tinali pa siteji ya basi."

"Sindinkadziwa."

"Ndiye munachedweranji?"

Bambo anayang'ana shelefu ija ngati iwathandiza. Ndinaona kuti akufuna kunena kuti zinalidi choncho n'kuithetsa nkhani, ndipo ndinawadula.

"Musayankhe, bambo. Ayankha ndi awa."

Ndinayatsa mizere iwiri yokha, mawu ndi ng'oma. Gitala ndi bezi ndinazisiya kunja.

Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji. Popanda gitala yothamangira kutsogolo, panalibe chochedwa chilichonse. Mtsikana uja akakoka mpweya, ng'oma zinkaima naye. Akatulutsa liwu, ng'oma inkagwera pa liwu lomwelo, osati patsogolo, osati pambuyo. Pamene anameza malovu paja, bambo anadzadza mpatawo ndi timikwapulo tiwiri tofewa, moti ukanati nyimbo anaipeka choncho. Zinali ngati anthu awiri anyamula tebulo pa masitepe, wakutsogolo akumvera mapazi a mnzake. Inali ndime yokoma kuposa zonse, ndipo inakhala m'kaseti muja zaka zonsezi tikuiseka.

Itatha, bambo anakanda kumutu.

"Ndinali kumbuyo kwanu," anatero. "Ndinkaona mapewa. Ndinaona kuti mpweya ukukutherani, ndipo ndikapitiriza liwiro lija simufika kumapeto. Mwini makina anali atanena kuti kujambula n'kamodzi. Ndiye ndinati bola tifike tonse."

"Nanga osanena bwanji? Achimwene akukulalatirani panja paja, ine ndili pomwepo, inu osatsegula pakamwa?"

"Ndikananena kuti wachedwa ndi woimba, alamu akanakufunsani kuti mwatani. Ndipo anali atanena kale kuti pali mtsikana wina wa kukwaya amene akufuna malo anu."

"Ndinkangomuopseza," anatero amalume chapansipansi.

"Chabwino, imeneyo ndi nthawi imeneyo," anatero mayi. Mawu awo anayamba kunjenjemera, ndipo mayi anga mawu akanjenjemera amakweza. "Nanga chaka chotsatira? Nanga zaka khumi zotsatira? Ine ndakhala ndikukuimbani ndi zipeso pamaso pa anthu, inu mukuti zinalidi choncho. Munandisiya ndizichita chipongwe munthu woti anandinyamula?"

"Poyamba ndinkati ndidzanena. Kenako ndinaona kuti nkhani ija mumaifotokoza bwino. Makasitomala amabweranso. Ndipo mukafika poimika chipeso m'mwamba paja mumaseka ngati mtsikana." Anakweza mapewa. "Ine sizinkandipweteka kwenikweni."

"Bodza," ndinatero ine. "Lachitatu munawononga mwendo wa mpando."

"Lachitatu inali nkhani ina, amayi. Kusekedwa uli momwemo ndi kwina. Kuchotsedwamo ndi kwina."

Apa m'pamene amalume anadzuka pa mpando wanga. Anayenda masitepe awiri, omwe ndi kutalika konse kwa kachipinda kanga, n'kubwerera. Amalume anga ndi munthu woti chibadwire sanapepesepo, ngakhale atakuponda amati phazi lako linali pamalo olakwika. Anatsokomola, anakonza tayi, anaimasulanso.

"Mwana wa mlongo wanga, za makinazo taya. Bwezeretsa ng'oma za alamu."

"Ndamva."

"Ndipo pa ndime yachitatu paja uchotsepo gitala. Wosamva anali ine. Anzanga akuyenda ndi wodwala, ine ndikuthamangira chimbale."

Ndinagwira mbewa ya kompyuta msangamsanga asanasinthe maganizo, chifukwa mwayi wotere subwera kawiri. Koma bambo anachoka pakhomo paja n'kudzagwira dzanja langa. Dzanja lawo ndi lokhakhala ngati sandipepa.

"Ayi, alamu. Musachotse munthu. Tinali anayi m'chipinda muja. Ikalire mmene tinaiimbira, ndi kachingwe kanu komwe."

"Kachingwe kaja mukhoza kuchotsa."

"Kamenekonso kakhale," anatero mayi akupukuta m'maso ndi mpango wafumbi uja. "Ndikufuna ndikhale ndi nkhani ina yofotokoza kusaluni."

Choncho ntchito yonse imene ndinagwira ndi pulogalamu yanzeru ija inathera pa kubwezera chilichonse pamalo pake. Ndinangochotsa kaphokoso ka ukalamba wa kaseti, n'kuwaikira amalume pa fulashi. Ananyamuka akung'ung'udza za anthu okonza zingwe za gitala m'nyumba za anzawo, bambo akuwaperekeza n'kumawavomera chilichonse. Mayi anatsalira, akuti akufuna kundithandiza kutola mabatire. Sanatole ngakhale limodzi. Anaima kumbuyo kwanga mpaka mapazi a azibambo aja atasiya kumveka, kenako anandipatsa foni yawo.

"Undiikiremo."

"Mawu anu okha aja? Ndikuikirani, ndi okoma."

"Mawu anga ndili nawo. Ndikufuna ng'omazo. Zokhazokha, popanda china chilichonse."

"Mphindi zinayi za ng'oma zokha, mayi? Muzitani nazo?"

"Iwe, foni ndi yanga kapena ndi yako?"

Ndinawaikira.

Paphwando paja nyimbo inalira, ndipo amalume anaimitsa anthu kudya kuti afotokoze za ndime yachitatu. Anaifotokoza ngati kuti anaitulukira okha, ine ndi kompyuta yanga osatchulidwa n'komwe, koma anawaimiritsa bambo pamaso pa ofesi yonse n'kunena kuti uyu ndiye anali woimba weniweni mu bandi muja. Bambo anachita manyazi mpaka anakhala pa mpando wa munthu wina. Ndinakondwa kwambiri tsiku limenelo, moti ndinavina ndi abwana awo a amalume, munthu wovina ngati akupha nyerere.

Lolemba lake m'mawa ndikupita kuntchito ndinadutsira kusaluni kukasiya chaja imene mayi anaiwala kunyumba. Anali asanatsegule. Chitseko chinali chotsekedwa theka, ndipo m'kati munkamveka ng'oma kuchokera pa kasipika kakang'ono ka foni. Ndinasuzumira. Mayi anali okha, akupinda matawulo, akuimba nyimbo ija pamwamba pa ng'omazo.

Mayi anga tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, thupi linabwera, ndipo akakwera masitepe a kuchipatala amapumira panjira. Ndime yoyamba anailimbana nayo. Yachiwiri inawathawa, anachita kudumpha mawu ena kuti aipeze. Ndinaima panja ndi chaja yanga m'manja, ndikuopa kuti aisiyira panjira.

Itafika ndime yachitatu anasiya kupinda. Anakoka mpweya pakati pa mzere, ndipo ng'oma zinawadikira. Anakokanso, zinawadikiranso, mpaka anafika kumapeto.